MBIRI YA MTENGO WA NSALU ZA ZIGAMBA

M'maiko ozizira a ku Ulaya ndi ku North America muli chofunda china chimene amayi akhala akusoka kwa zaka mazana atatu ndi kuposerapo. Angerezi amachitcha quilt, ndipo pa Chichewa chingatchedwe chofunda cha zigamba. Kasokedwe kake n'kotere: pamwamba pamakhala nsalu yolumikiza tizidutswa tambirimbiri ta maonekedwe osiyanasiyana, pakati amayala thonje kapena ubweya wa nkhosa, pansi amaika nsalu ina yathunthu, ndipo zitatuzi amazisokera pamodzi m'mizere yothithikana kuti thonje lisaunjikane malo amodzi. Osoka zofundazi ali ndi dandaulo limene silitha. Nsalu imodzimodzi, yochokera m'fakitale imodzi, m'dziko lina imagulidwa pa mtengo wabwino, koma ikangodutsa malire mtengo wake umakhala woboola m'thumba. Dandauloli n'lakale monga zofundazo. Wofufuza mbiri yake amapeza kuti mtengo wa yadi ya nsalu suchokera kwa mlimi wa thonje ndi mmisiri wowomba okha ayi. Malamulo a maboma, msonkho wa pamalire, nkhondo ndi kutalika kwa ulendo, chilichonse chimawonjezerapo gawo lake, ndipo nthawi zina magawo amenewa amaposa mtengo wa thonje lenilenilo.

Chiyambi cha nkhaniyi chili ku India. Azungu asadadziwe kudinda maluwa osasuluka pa nsalu ya thonje, amisiri a ku Gujarat ndi a m'mphepete mwa nyanja ku Coromandel ankawomba kale nsalu zopepuka ndi kuzikongoletsa ndi utoto wofiira ndi wabuluu, umene sunkachoka ngakhale nsalu itachapidwa kambirimbiri. Anthu wamba a ku Ulaya nthawi imeneyo ankavala nsalu za ubweya ndi za fulakesi, zolemera ndi zovuta kuchapa. Tsono kampani ya Angerezi yotchedwa East India Company, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1600, itayamba kufika ndi nsalu za ku India padoko la London, anthu adazilimbirana. M'chaka cha 1684 chokha kampaniyi idabweretsa mipukutu ya nsalu yoposa miliyoni imodzi ndi theka. Dzina lakuti calico, limene Angerezi amatchulira nsalu ya thonje, lidachokera ku doko la Calicut m'dziko lomwelo la India.

Owomba nsalu za ubweya ndi za silika ataona kuti malonda awo alowa pansi, adakalira ku maboma awo. Dziko la France lidaletsa nsalu za maluwazi m'chaka cha 1686, ndipo chiletsocho chidakhala mpaka 1759. Ku England, Nyumba ya Malamulo idaletsa m'chaka cha 1700 kuti nsalu zodindidwa ku India zigulitsidwe m'dzikomo. Amalonda adapeza njira ina: adayamba kuitanitsa nsalu zoyera n'kumazidinda maluwa ku London komweko. Mkwiyo wa owomba udakula kotero kuti m'chaka cha 1719 owomba silika a ku Spitalfields adayenda m'misewu ya mzindawo akung'amba madiresi a amayi amene adawapeza atavala nsalu zoterezi. Pamenepo m'chaka cha 1721 padatuluka lamulo lina loopsa, loletsa kuvala nsalu ya thonje yodindidwa ngakhale kuigwiritsa ntchito pa bedi, pa mipando kapena pa mazenera. Wovala ankalipira chindapusa cha mapaundi 5, ndipo wogulitsa mapaundi 20, ndalama zimene wantchito wamba sakadazipeza m'miyezi yambiri.

Apa ndi pamene nsalu imodzi idakhala ndi mitengo itatu. Dziko la Netherlands silidaike chiletso chilichonse, choncho mayi wa ku Amsterdam ankagula nsalu ya ku India poyera. Lamulo la Angerezi lidalola kuti nsaluzo zifike ku London, zisungidwe m'nyumba za katundu, kenaka zitumizidwe kunja. Motero mayi wa ku Boston kapena ku Philadelphia, m'maiko a ku America amene adali m'manja mwa Britain, ankaipeza m'sitolo mopanda mlandu, koma ankalipira maulendo awiri a panyanja ndi phindu la amalonda a ku London. Mayi wa ku Paris kapena wa ku London komweko ankagula yozembetsa, ndipo mumtengo wake mudalinso malipiro a wozembetsayo, amene ankaika moyo wake pachiswe. Nsalu yopezeka movutika chotere sinkatayidwa ngakhale kachidutswa konga chikhato. M'nyumba yakale ya Levens Hall, kumpoto kwa England, mukusungidwa chofunda cha zigamba za nsalu za ku India chimene mbiri ya nyumbayo imati chidasokedwa cha m'ma 1708. Amayi ena ankadula duwa lililonse kapena mbalame iliyonse pa nsalu yodulayo n'kuzisokerera motalikirana pa nsalu yoyera yotsika mtengo, kuti yadi imodzi ikongoletse bedi lonse. Izi zikusonyeza kuti zofunda zoyamba za mtundu umenewu zidali za mabanja opeza bwino, pakuti wosauka adalibe nsalu ya maluwa yoti n'kutsalako zidutswa.

Chiletso cha ku England chidachotsedwa m'chaka cha 1774, Richard Arkwright ndi anzake atayamba kupota ulusi wa thonje wolimba pa makina awo. Koma boma silidasiye nsalu kuti iyende yokha. Lidaika msonkho wa tiki, ndiwo mapeni atatu, pa yadi iliyonse yowombedwa ndi kudindidwa m'dzikomo, pamene nsalu yowombedwa kunja inkalipira mapeni asanu ndi limodzi. Kuti okhometsa msonkho asiyanitse ziwirizi, lamulo lidati wowomba wa ku Britain aziika timizere titatu ta ulusi wabuluu m'mphepete mwa nsalu yake. Lamulo la timizereti lidagwira ntchito mpaka 1811, ndipo akatswiri ofufuza zofunda zakale akapeza ulusi wabuluu umenewu pa chigamba amadziwa dziko ndi zaka zimene nsaluyo idawombedwa. Chodabwitsa n'chakuti nsalu ikamatumizidwa kunja, boma linkabweza msonkhowo kwa wamalonda. Choncho mkazi wa mmisiri wa ku Manchester ankalipira msonkho pa nsalu imene mwamuna wake adaiwomba, pamene wogula wa kutsidya kwa nyanja sankaulipira. Msonkho umenewu udathetsedwa m'chaka cha 1831.

M'zaka zomwezo makina adasintha zonse. Arkwright adamanga fakitale yake ku Cromford m'chaka cha 1771, Samuel Crompton adapanga makina opota ulusi wosalala mu 1779, ndipo mu 1783 Thomas Bell adatulukira njira yodinda maluwa ndi mkombero wamkuwa wozungulira, umene unkagwira ntchito ya amisiri makumi angapo. Ulusi wosalala wa nambala 100, umene m'chaka cha 1786 paundi imodzi inkagulidwa masheleni 38, pofika 1832 unkagulidwa masheleni osakwana atatu. Makina amenewa ankafuna thonje lambiri, ndipo lidachokera kum'mwera kwa United States, kumene Eli Whitney adapanga makina ochotsa njere m'chaka cha 1793. Olima ndi kutola thonjelo adali akapolo ochokera ku Africa ndi zidzukulu zawo, anthu ogwira ntchito popanda malipiro. M'chaka cha 1790 akapolo m'dzikomo adali pafupifupi 700,000, koma pofika 1860 adali pafupifupi mamiliyoni anayi. Kutsika mtengo kwa nsalu kumene dziko lonse lapansi lidakondwera nako kudalipiridwa ndi misana ya anthu amenewa.

Dziko la United States litadziimira palokha, nalonso lidafuna mafakitale akeake. Francis Cabot Lowell, amene adaona makina owomba nsalu ku Britain, adatsegula fakitale ku Waltham m'chigawo cha Massachusetts m'chaka cha 1814, ndipo adakapempha aphungu a dziko lake kuti amuteteze ku nsalu zotsika mtengo za ku India. Lamulo la msonkho la 1816 lidati nsalu ya thonje yochokera kunja ilipire magawo 25 pa 100 alionse a mtengo wake, koma lidawonjezera mawu ochenjera akuti nsalu iliyonse yotsika mtengo iwerengedwe ngati ya masenti 25 pa yadi. Motero nsalu ya masenti 10, mwachitsanzo, inkalipira masenti 6 ndi kota, kumene kuli kuposa theka la mtengo wake. Nsalu za ku India zidatsekeredwa kunja, ndipo pa zaka zoyambazo wosauka wa ku America ndiye adasenza mtolowo. Koma mafakitale atachuluka ndi kuyamba kupikisana, mitengo idatsika. Nathan Appleton, mnzake wa Lowell pa malondawo, adalemba kuti nsalu yoyera ya ku Waltham inkagulidwa masenti 30 pa yadi mu 1816, masenti 13 mu 1826, ndi masenti 6 ndi theka mu 1843.

Apa ndi pamene chofunda cha zigamba chidalowa m'nyumba za alimi ndi antchito a ku America. Kuyambira m'zaka za m'ma 1830 ndi 1840 mayi wamba adatha kusoka madiresi angapo pa chaka, zidutswa n'kumatsala, ndipo ena ankagula nsalu yatsopano ndi cholinga choiduladula kuti asoke chofunda. Makina osokera a Isaac Singer, amene adatuluka mu 1851, adafulumizitsa ntchitoyo. Koma ku India zinthu zidatembenuka. Nsalu za ku Lancashire zinkalowa m'dzikomo pa msonkho wochepa kwambiri, pamene za ku India polowa ku Britain zidakhala zikulipira msonkho wolemera kwa zaka zambiri. Dziko limene lidaphunzitsa Ulaya kuvala maluwa lidasanduka logula nsalu kwa ophunzira ake.

Nsalu yoyera ya ku Massachusetts, ya mtundu womwewo umene amayi a kumeneko ankaika pansi pa zofunda zawo, idafikanso ku Africa. M'chaka cha 1833 dziko la United States lidachita pangano la malonda ndi Sayyid Said, mfumu ya ku Oman ndi Zanzibar, lakuti katundu wa ku America azilipira magawo asanu okha pa 100 alionse. Zombo za ku Salem zidayamba kutsitsa mabelo a nsalu ku Zanzibar n'kumatenga minyanga ya njovu ndi zikopa. Anthu adaitcha nsaluyo merikani potsata dzina la kwawo. Kuchokera ku Zanzibar ndi ku Kilwa, nsaluyo inkayenda pamitu ya amtengatenga m'maulendo a Aswahili, Aluya ndi Ayao, mpaka kufika ku Nyanja ya Malawi ndi kuwoloka kupita kwa Jumbe ku Nkhotakota. Munthu mmodzi ankasenza mtolo wa makilogalamu pafupifupi 30 kwa masabata ambiri. Malipiro ake adali nsalu, chakudya cha panjira chinkagulidwa ndi nsalu, ndipo mafumu a m'njira ankalandira msonkho wawo wa nsalu. Katunduyo ankadzidya yekha paulendo, kotero kuti mkwamba umene udafika kunyanja udali utasenza mtengo wa mikwamba ina imene idathera m'njira. Nsalu imene ku Boston idali ya masenti owerengeka, kuno idasanduka ndalama yeniyeni yogulira minyanga, chakudya, ngakhalenso anthu. Thonje lolimidwa ndi akapolo kutsidya lina la nyanja lidabwera kudzagula akapolo ena kutsidya lino.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, idasonyeza mmene mitengo ya maiko otalikirana idamangidwira pa chingwe chimodzi. Zombo za nkhondo za kumpoto zidatseka madoko a kum'mwera, thonje losatuluka. Ku Liverpool paundi ya thonje imene mu 1860 inkagulidwa mapeni osakwana 7, mu 1864 idakwera kuposa kanayi. Mafakitale a ku Lancashire adaima, antchito zikwi mazanamazana n'kukhala pa njala. Kum'mwera kwa America, kumene thonje lidali mbwee m'nkhokwe koma mafakitale adali ochepa, nsalu ya m'sitolo idasowa, ndipo amayi adabwerera ku kupota ndi kuwomba pamanja monga agogo awo. Kumpoto amayi adasoka zofunda zikwizikwi za asilikali. Ku Zanzibar merikani weniweni adasowa, ndipo m'zaka zotsatira malo ake adatengedwa ndi nsalu za m'mafakitale a ku Bombay, ngakhale dzina lakuti merikani lidakhalabe. Njovu zikamamenyana, wovutika ndi udzu.

Chitsanzo china cha mphamvu ya malamulo chikukhudza dziko la Malawi. Msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885 udagwirizana kuti m'chigawo chachikulu cha pakati pa Africa, kuyambira ku mtsinje wa Congo mpaka ku Indian Ocean ndi kumatsiriro a Zambezi, katundu wa maiko onse azilandiridwa mofanana popanda kukondera. Panganoli lidakonzedwanso ku Saint-Germain mu 1919, ndipo dziko la Japan lidasaina nawo. Nyasaland idali m'kati mwa chigawo chimenechi. Pofika 1933 Japan idaposa Britain pa kugulitsa nsalu za thonje kunja, ndipo mu 1934 boma la Britain lidaika malire pa kuchuluka kwa nsalu za ku Japan zolowa m'maiko ambiri amene linkalamulira, kuphatikizapo a kumadzulo kwa Africa. Ku Nyasaland, Kenya, Uganda ndi Tanganyika silidathe kutero chifukwa cha panganolo. Choncho nsalu zotsika mtengo za ku Japan zidachuluka m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre, pamene wogula wa ku Lagos ndi ku Accra, wolamulidwa ndi mfumu imodzimodziyo, ankaumirizidwa kugula za ku Lancashire. M'zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963, msonkho wa pamalire udali m'manja mwa boma la ku Salisbury, limene lidali ndi mafakitale a ku Southern Rhodesia oti liwateteze. Dziko litalandira ufulu, fakitale ya David Whitehead and Sons idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967 kuti thonje la m'dziko muno liziwombedwa konkuno.

Kwawo kwa zofunda za zigamba, zaka za m'ma 1930 ndi 1940 zidasiyanitsanso maiko. Chuma chitagwa ku America mu 1929, amayi a kumidzi adachulukitsa kusoka zovala ndi zofunda ndi matumba a nsalu a ufa, shuga ndi chakudya cha nkhuku. Ogulitsa ataona zimenezi adayamba kudinda maluwa pa matumbawo, kotero kuti bambo akapita kukagula chakudya cha nkhuku ankauzidwa maluwa oyenera kusankha. Thumba limodzi lalikulu linkapereka nsalu yopitirira pang'ono yadi imodzi. Pa mpikisano wa zofunda umene kampani ya Sears idakonza pa chionetsero cha ku Chicago mu 1933, padafika zofunda pafupifupi 25,000. Ku Britain nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idabweretsa mtengo wa mtundu wina. Kuyambira mu June 1941 mpaka mu March 1949 nsalu ndi zovala zinkagulidwa ndi ndalama pamodzi ndi makuponi, ndipo m'chaka choyamba munthu aliyense adalandira makuponi 66 okha. Wandalama wopanda kuponi ankabwerera chimanjamanja. Ku Canada nsalu inkapezekabe, choncho amayi a kumeneko adasoka zofunda zambirimbiri zimene bungwe la Red Cross lidatumiza kwa mabanja a ku Britain amene nyumba zawo zidaphwanyidwa ndi mabomba.

Masiku ano osoka zofundazi ambiri amasoka chifukwa cha luso ndi chisangalalo. Ntchitoyi idadzukanso ku America pambuyo pa chionetsero cha ku Whitney Museum mumzinda wa New York mu 1971, ndi pa chikondwerero cha zaka 200 za ufulu wa dzikolo mu 1976. Makampani ambiri ojambula maluwa a nsaluzi ali ku America, koma nsalu zambiri zimawombedwa ndi kudindidwa ku Asia, m'maiko monga South Korea, Japan, China, Pakistan ndi India. Zifukwa zosiyanitsa mitengo n'zomwe zija zakale, zangovala malaya atsopano. Msika wa ku America ndi waukulu, ndipo wogula mabelo ambiri amatsitsiridwa mtengo kuposa wogula ochepa. Nsalu yopita ku Britain kapena ku Australia kawirikawiri imadzera m'manja mwa wamalonda wina wapakati, monga ija ya ku India inkadzera ku London. Ku Britain mtengo wolembedwa m'sitolo uli kale ndi msonkho wa VAT wa magawo 20 pa 100, ku Australia uli ndi wa magawo 10, pamene ku America msonkho wa pa zogula umawonjezedwa polipira. Ngakhale muyeso ndi wosiyana: America imagulitsa pa yadi, imene ili masentimita 91 ndi pang'ono, pamene maiko ena ambiri amagulitsa pa mita, yotalikirapo pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi. Pamwamba pa zonsezi pali mphamvu ya ndalama ya dziko lililonse poyerekeza ndi dola, ndi mtengo wa thonje, umene mu March 2011 udapitirira madola awiri pa paundi.

Mayi wa ku Karonga kapena ku Mchinji amene amadziwa kuti chitenje chili ndi mtengo wina tsidya lino la malire ndi wina tsidya linalo, akuona zimene mayi wa ku London adaziona mu 1721. Boma lililonse limene lidakhudza mtengo wa nsalu lidali ndi anthu awiri patsogolo pake, wowomba wofuna ntchito ndi wogula wofuna chofunda, ndipo silidathe kukondweretsa onse pa nthawi imodzi. Lofuna mafakitale akeake lidavomera kuti anthu ake agule modula kwa kanthawi, ndipo lofuna nsalu yotsika mtengo lidavomera kuti makina a kwawo achite dzimbiri. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Zofunda zakale zimene zili m'nyumba zosungiramo mbiri zikusungabe umboni wa zosankha zimenezi: duwa la ku Coromandel lodulidwa mosamala, timizere titatu ta ulusi wabuluu, ndi kachidutswa ka thumba la chakudya cha nkhuku.